Mankhwala achilengedwe a m'zomera amene amalepheretsa kupangika kwa biogas

Mankhwala achilengedwe a m'zomera amene amalepheretsa kupangika kwa biogas ndi makemikolo amene zomera zimapanga zokha podziteteza ku tizilombo, nkhungu ndi nyama. Zotsalira za zomerazo zikathiridwa m'thanki ya biogas, makemikolowa amafooketsa kapena kupha tizilombo timene timawoletsa zinyalala popanda okosijeni, ndipo gasi amachepa kapena kusiyiratu kutuluka. Odziwika kwambiri ndi limonene wa m'makoko a malalanje, ma phenol a m'madzi otsalira poyenga mafuta a maolivi, ma tannin a m'makungwa ndi m'masamba, utomoni wa mitengo ya paini, komanso cyanide wa m'chinangwa chowawa.

Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa zinyalala zambiri za m'mafakitale a zakudya, m'misika ndi m'minda zili ndi shuga ndi sitachi wambiri amene angapereke gasi wochuluka, koma zinyalala zomwezo zimabwera ndi mankhwala otha kuimitsa thanki kwa milungu ingapo. Kumbali ina, akatswiri a ziweto amafunafuna mankhwala omwewa kuti achepetse mpweya wa methane umene ng'ombe zimatulutsa pogeya.

## Mmene biogas amapangikira

Biogas ndi gasi amene amatuluka zinthu monga ndowe, zakudya zotsala ndi zinyalala za zomera zikamawola pamalo otsekeka. Nthawi zambiri mpweya wa methane umakhala pakati pa 50 ndi 70 peresenti ya gasiyu, ndipo ndi umene umayaka. Wotsalawo makamaka ndi carbon dioxide, pamodzi ndi hydrogen sulfide wochepa amene amanunkha ngati dzira lowola. Mu 1776 Alessandro Volta anatola mpweya woyaka wotuluka m'matope a m'mphepete mwa nyanja ya Maggiore ku Italy, ndipo anazindikira kuti ukuchokera ku zomera zowola.

Kuwolaku kumachitika m'magawo anayi, ndipo gawo lililonse lili ndi tizilombo take:

1. Hydrolysis: mabakiteriya amatulutsa ma enzyme amene amaphwanya sitachi, cellulose, mapuloteni ndi mafuta kukhala tizidutswa totha kusungunuka m'madzi.
2. Acidogenesis: mabakiteriya ena amadya tizidutswato ndi kupanga maasidi monga propionic ndi butyric, komanso mowa ndi haidirojeni.
3. Acetogenesis: maasidi aja amasandutsidwa asidi wa acetic, amene amapezekanso mu viniga, pamodzi ndi haidirojeni ndi carbon dioxide.
4. Methanogenesis: tizilombo totchedwa methanogens timapanga methane. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a methane amachokera ku asidi wa acetic, ndipo gawo lotsalalo limachokera ku haidirojeni ndi carbon dioxide.

Tizilombo ta gawo lachinayi si mabakiteriya ayi. Mu 1977 Carl Woese ndi George Fox anasonyeza kuti tili m'gulu lapadera limene pano limatchedwa archaea. Timaswana pang'onopang'ono: mabakiteriya opanga asidi amatha kuchuluka kawiri m'maola ochepa, pomwe ma methanogens ena amatenga masiku angapo. Timagwira bwino ntchito pH ikakhala pafupi ndi 7, ndipo mathanki ambiri amayendetsedwa pa kutentha kwa madigiri 35 mpaka 37, ena pafupi ndi madigiri 55.

Kusiyana kwa liwiroku n'kumene kumachititsa kuti mankhwala ochepa awononge thanki yonse. Ma methanogens akafooka, mabakiteriya opanga asidi amapitirizabe ntchito yawo. Haidirojeni amachuluka, gawo lachitatu limaima chifukwa limayenda pokhapokha haidirojeni akakhala wochepa, ndiye maasidi amaunjikana. Asidi akachuluka pH imatsika, ndipo ma methanogens otsala amafookeratu. Oyendetsa mathanki amati thanki yasasa.

## Chifukwa chake zomera zili ndi mankhwalawa

Chomera sichingathawe mdani, choncho chimadziteteza ndi makemikolo. Ena ndi owawa kuti nyama zisadye masamba, ena amapha nkhungu ndi mabakiteriya kuti chipatso chisawole msanga, ndipo ena amatseka bala pamtengo. Akatswiri amawatcha secondary metabolites chifukwa chomera sichiwagwiritsa ntchito mwachindunji pokula. Amapezeka kwambiri m'mbali zimene zimakumana ndi adani, monga makoko, makungwa, njere ndi masamba anthete. Zimenezi ndi mbali zomwezo zimene anthu amataya pokonza chakudya, n'chifukwa chake zinyalala zimakhala ndi mankhwala ambiri kuposa chakudya chenichenicho.

## Magulu a mankhwala

### Limonene ndi mafuta onunkhira

Limonene ndi mafuta amene amanunkhira munthu akamasenda lalanje, ndimu kapena nachesi. Ali m'gulu la makemikolo otchedwa terpenes, ndipo amapanga pafupifupi 90 peresenti ya mafuta a m'khoko la lalanje. Pofinya madzi a malalanje, pafupifupi theka la kulemera kwa chipatso limatsala ngati makoko, zamkati ndi njere. Mayiko ofinya malalanje ambiri monga Brazil, United States, Spain ndi Italy amatsala ndi milu yaikulu ya zinyalalazi chaka chilichonse.

Limonene sasakanikirana ndi madzi koma amalowerera mosavuta m'mafuta. Khungu la selo ya kachilombo ndi lopangidwa ndi mafuta, choncho limonene amaunjikana mmenemo, amalifewetsa ndi kulichititsa kudontha. Selo ikayamba kutaya zamkati mwake imalephera kupanga mphamvu. Mamiligalamu mazana ochepa chabe pa kilogalamu imodzi ya zamkati mwa thanki amakwanira kuchepetsa methane. Pamalo opanda okosijeni limonene wina amasanduka p-cymene, amenenso ndi poizoni kwa tizilombo ndipo sawola msanga. Kuwonjezera apo, makoko a malalanje ali ndi asidi kale komanso shuga wowola mofulumira, moti thanki imakumana ndi mavuto awiri nthawi imodzi.

Si zipatso za gulu la malalanje zokha zimene zili ndi vutoli. Ofufuza a ku yunivesite ya Borås ku Sweden, mogwirizana ndi anzawo a ku yunivesite ya Gadjah Mada ku Indonesia, anasonyeza kuti makemikolo ena amene amapereka fungo ku zipatso, monga hexanal, myrcene ndi octanol, amachepetsanso methane akachuluka. Masamba a bulugamu ali ndi mafuta otchedwa cineole, ndipo mitengo ya paini ili ndi pinene. Onsewa amaononga khungu la selo mofanana ndi limonene.

### Ma phenol ndi ma tannin

Chitsanzo chodziwika bwino cha ma phenol ndi madzi akuda amene amatsala poyenga mafuta a maolivi m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean monga Spain, Italy, Greece, Tunisia, Turkey ndi Morocco. Madziwa ali ndi zakudya zambiri za tizilombo, koma alinso ndi hydroxytyrosol, tyrosol ndi ma phenol ena ofika magalamu angapo pa lita. Amatuluka ochuluka m'miyezi yochepa yokolola, ndipo akathiridwa m'thanki osasungunulidwa amaimitsa ma methanogens.

Ma tannin ndi ma phenol aakulu amene amachititsa kuti nthochi yaiwisi kapena tiyi wakuda kwambiri aume mkamwa. Amakakamira ku mapuloteni, ndipo khalidwe limeneli ndi limene limawapangitsa kukhala othandiza pofufuta zikopa. M'thanki amakakamira ku ma enzyme a tizilombo ndi kuwalepheretsa kugwira ntchito, amamanga mapuloteni a m'zinyalala kuti asagayike, komanso amagwira ayironi ndi zitsulo zina zimene tizilombo timafuna pang'ono. Amapezeka m'makungwa a mitengo, m'mapira ofiira, m'makoko a khofi, m'zotsalira za mphesa zofinyidwa ndi m'masamba a mitengo ina ya gulu la nyemba.

M'zaka za m'ma 1980, Jim Field ndi Gatze Lettinga a ku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands anafufuza mmene ma tannin amakhudzira ma methanogens. Anapeza kuti ukali wake umadalira kukula kwa kemikoloyo. Ma tannin a msinkhu wapakati ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa ndi aakulu mokwanira kumanga mapuloteni koma ndi aang'ono mokwanira kufika pa selo. Akakhudzana ndi okosijeni amalumikizana n'kukhala aakulu kwambiri moti sangathenso kulowa, ndipo poizoni wake amachepa.

### Utomoni ndi lignin

Madzi otuluka m'mafakitale a mapepala ndi a matabwa amakhala ndi utomoni wa mitengo, makamaka wa paini. Maasidi a mu utomoni, monga abietic, ndi ena mwa makemikolo achilengedwe amene amafooketsa ma methanogens ngakhale atakhala ochepa.

Lignin ndi chinthu chimene chimalimbitsa thunthu, mapesi ndi udzu wokhwima. Payekha si poizoni, koma sawola pamalo opanda okosijeni ndipo amaphimba cellulose kuti ma enzyme asamufikire. Pofuna kuthetsa zimenezi, mafakitale ena amaphika mapesi ndi utuchi pa moto waukulu kapena ndi asidi. Njirayi imamasula shuga, koma ikapyola muyezo imatulutsa makemikolo atsopano olepheretsa: furfural ndi HMF ochokera ku shuga, komanso vanillin ndi syringaldehyde ochokera ku lignin.

### Cyanide wa m'chinangwa ndi mapira

Chinangwa chili ndi kemikolo yotchedwa linamarin. Muzu ukasendedwa, kuperesedwa kapena kusinjidwa, enzyme ya linamarase imakumana ndi linamarin n'kutulutsa cyanide. Chinangwa chozizira nthawi zambiri chimatulutsa mamiligalamu osapitirira 50 pa kilogalamu, pomwe chowawa chimatha kufika mamiligalamu 400 kapena kuposa. Makoko ndi masamba amakhala ndi wochuluka kuposa phata la muzu. Mapira anthete alinso ndi kemikolo yofanana nayo yotchedwa dhurrin.

Cyanide amakakamira ku zitsulo za m'ma enzyme. Ma methanogens amadalira kwambiri ma enzyme okhala ndi nickel, ayironi ndi cobalt, ndipo amene amadya asidi wa acetic ndiwo amavulala msanga. Komabe tizilombo ta m'thanki timatha kuzolowera cyanide tikamapatsidwa pang'onopang'ono, ndipo tina timamuphwanya. N'chifukwa chake ku Thailand mafakitale ambiri a sitachi wa chinangwa amapanga biogas kuchokera ku madzi awo otsalira. Ku Brazil madzi ofinyidwa m'chinangwa amatchedwa manipueira, ndipo afufuzidwa kwambiri pa ntchito yomweyi.

### Mafuta a zomera

Mafuta amapereka methane woposa kawiri amene shuga ndi sitachi wolemera chimodzimodzi amapereka. Koma akaphwanyika amasiya maasidi a mafuta monga oleic, palmitic ndi lauric, amene amagayika mochedwa. Maasidiwa amakuta magulu a tizilombo ngati phula, chakudya chimalephera kulowa, ndipo tizilombo topepukidwato timayandama n'kutuluka m'thanki. Asidi wa lauric, amene ndi wochuluka m'mafuta a kokonati, ndi mmodzi mwa aukali kwambiri. Vutoli limadziwika m'mafakitale a mafuta a kanjedza ku Indonesia ndi Malaysia, komanso m'mathanki olandira mafuta ophikira otsala.

### Adyo, anyezi ndi mpiru

Adyo akasinjidwa amatulutsa allicin ndi makemikolo ena a sulfure amene amapha tizilombo tambiri. Akatswiri akuganiza kuti makemikolowa amavulaza kwambiri archaea chifukwa amatsekereza enzyme imene tizilomboti timagwiritsa ntchito popanga mafuta apadera a khungu la selo yawo. Mpiru, kabichi ndi repu zili ndi ma glucosinolate amene amasanduka ma isothiocyanate, omwe amapereka kukoma kolasa kwa mpiru. Zomera zonsezi zimaonjezeranso sulfure m'thanki, ndipo sulfure amasanduka hydrogen sulfide amene amafooketsa ma methanogens komanso kudya mapaipi ndi mbaula zachitsulo.

### Ndere za m'nyanja

Ngakhale ndere zambiri si zomera zenizeni, zimaphunziridwa pamodzi ndi zomera pankhaniyi. Ndere zabulauni monga Ascophyllum nodosum zili ndi ma phlorotannin amene amachepetsa gasi. Ndere za Sargassum, zimene zakhala zikuunjikana m'magombe a ku Caribbean kuyambira 2011, zimapereka methane wochepa chifukwa cha ma phenol, mchere ndi ulusi wovuta kugaya. Ndere zofiira za Asparagopsis zili ndi bromoform, amene amatsekereza mwachindunji njira imene archaea amapangira methane.

## Zimene zimakulitsa kapena kuchepetsa vutoli

Palibe muyezo umodzi woopsa umene umagwira ntchito pa mathanki onse. Chinthu choyamba ndi kuchuluka kwa mankhwala poyerekeza ndi kuchuluka kwa tizilombo: thanki yokhala ndi matope ambiri okhwima imapirira kuposa yongoyamba kumene. Chachiwiri ndi kathiridwe. Mulu wa makoko wothiridwa tsiku limodzi umavulaza kuposa makoko omwewo atagawidwa kwa milungu ingapo. Chachitatu ndi kuzolowera, chifukwa pakapita nthawi tizilombo topirira timachuluka ndipo tina timayamba kudya mankhwalawo. Ma phenol ang'onoang'ono ambiri amatha kusanduka methane m'thanki yozolowera. Kutentha, pH, mtundu wa mbewu, kukhwima kwake ndi nyengo imene yakololedwa zimasinthanso zotsatira. Komanso mankhwala awiri akakumana, monga ma phenol ndi maasidi a mafuta m'madzi a maolivi, amatha kuvulaza kuposa mmene aliyense akanachitira payekha.

## Zizindikiro ndi kayezedwe

Pathanki ya pakhomo, chizindikiro choyamba ndi kuchepa kwa gasi ngakhale ikudyetsedwa monga mwa nthawi zonse. Moto umafooka, umazimazima kapena sugwira n'komwe, chifukwa carbon dioxide wachuluka kuposa methane. Matope otuluka amanunkha chosasa, ndipo nthawi zina pamwamba pamabwera thovu kapena chikhungu cholimba. Zizindikirozi zimafanana ndi za mavuto ena, monga kudyetsa thanki mopyola muyezo, kuzizira, kudontha kwa paipi, sopo, kapena ndowe za ng'ombe zimene zabayidwa mankhwala opha mabakiteriya. Choncho woyendetsa amayang'ana zimene zathiridwa m'masiku apitawo asanagamule chifukwa chake.

M'mafakitale amayeza pH, kuchuluka kwa maasidi ndi mphamvu ya matope yolimbana ndi asidi. Maasidi amayamba kukwera pH isanatsike, motero ndiwo amachenjeza msanga. Mu labotale mumagwiritsidwa ntchito mayeso otchedwa BMP: zinyalala zimaikidwa m'mabotolo otsekeka pamodzi ndi matope a m'thanki yogwira bwino, zimasungidwa pamalo otentha kwa masiku pafupifupi 30, ndipo gasi wotuluka amayerekezedwa ndi wa m'mabotolo opanda mankhwalawo. Muyezo umene umadula methane ndi theka umatchedwa IC50, ndipo umathandiza kufananitsa ukali wa mankhwala osiyanasiyana.

## Njira zochepetsera vutoli

* Kusakaniza ndi zinyalala zina. Iyi ndi njira yotsika mtengo kwambiri. Ndowe za ng'ombe zimasungunula mankhwala, zimaletsa pH kutsika msanga, komanso zimabweretsa tizilombo tatsopano.
* Kuyamba pang'ono. Zinyalala zatsopano zimathiridwa zochepa, n'kumaonjezera pakapita milungu gasi akamatuluka bwino.
* Kuchotsa mankhwala zisanalowe m'thanki. Limonene amachotsedwa ndi nthunzi yotentha ndipo amagulitsidwa kwa opanga zonunkhiritsa ndi zotsukira. Hydroxytyrosol wa m'maolivi amagulidwanso ndi opanga zakudya ndi zodzola.
* Kuyanika kapena kusiya pamphepo. Hydrogen cyanide amauluka pa kutentha kwa madigiri 26 okha, choncho makoko a chinangwa oyanikidwa padzuwa amataya poizoni wambiri. Mafuta onunkhira amachepanso makoko akadulidwa n'kuyanikidwa.
* Kugwiritsa ntchito nkhungu. Mitundu ina ya bowa wowoletsa mitengo, monga Phanerochaete chrysosporium, imaphwanya lignin ndi ma phenol. Kuipa kwake n'kwakuti nkhunguyo imadyako shuga amene akanakhala gasi.
* Kuthira makala osinja a biochar kapena activated carbon, amene amayamwa mankhwala ndi kupereka malo oti tizilombo tikakamirepo.
* Kugawa ntchito m'mathanki awiri, yoyamba yopangira asidi ndipo yachiwiri yopangira methane, kuti ma methanogens asakumane ndi zinyalala zaiwisi mwachindunji.

Thanki ikasasa kale, amasiya kuidyetsa kwa kanthawi, amakweza pH ndi laimu kapena soda wochepa, kenako amathiramo ndowe zatsopano kapena matope ochokera m'thanki ina. Chifukwa choti ma methanogens amaswana mochedwa, pamatenga milungu kuti gasi abwerere mwakale.

## Ntchito yake pa ziweto

Chifu cha nyama zobzikula monga ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa chimagwira ntchito ngati thanki ya biogas, ndipo methane wopangidwamo amatuluka nyama ikamageya. Pa zaka 100, methane amatenthetsa dziko pafupifupi maulendo 28 kuposa carbon dioxide wolemera chimodzimodzi, komanso ndi mphamvu ya chakudya imene nyama yataya. Pachifukwa ichi mankhwala amene ali vuto m'thanki amaonedwa ngati mwayi m'khola.

Kafukufuku wa ku Australia ndi ku United States wasonyeza kuti ndere za Asparagopsis zochepa zosakanizidwa m'chakudya zimatha kuchepetsa methane wa ng'ombe zanyama ndi 80 peresenti kapena kuposa. Kampani ya Mootral inapanga chakudya choonjezera kuchokera ku adyo ndi zipatso za gulu la malalanje. Masamba a lukina ndi Calliandra, komanso makungwa a mtengo wa Acacia mearnsii umene umalimidwa ku South Africa, ali ndi ma tannin amene amachepetsa methane. Koma ma tannin akachuluka nyama imadya pang'ono ndipo chakudya sichigayika bwino, ndiponso tizilombo ta m'chifu timatha kuzolowera mankhwala ena monga timachitira m'thanki.

## Ku Malawi ndi mayiko oyandikana nawo

Mathanki ambiri a biogas a m'makomo, m'sukulu ndi m'mafamu a m'chigawo chino amadyetsedwa ndowe, zimene sizikhala ndi mankhwala amenewa ochuluka. Vuto limayamba ndowe zikachepa ndipo eni ake ayamba kuthira zinyalala za kumunda ndi za kumsika. M'maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Nkhata Bay ndi Nkhotakota, chinangwa chowawa chimaviikidwa m'madzi pokonza ufa wa kondowole, ndipo makoko ndi madzi oviikirawo amakhala ndi cyanide. Ku Mwanza ndi Neno manachesi amachuluka pa nyengo yake, ndipo owola amatayidwa ambiri nthawi imodzi. Kumene amalima khofi, monga ku Misuku ndi Thyolo, makoko a khofi ali ndi ma tannin ndi caffeine. Zinyalala za m'misika ya ndiwo zamasamba zimakhala ndi kabichi, mpiru ndi anyezi.

Zinyalala zonsezi zingathe kupereka gasi zikathiridwa pang'onopang'ono, zitasakanizidwa ndi ndowe zokwanira, ndiponso zitayanikidwa kaye ngati zili za chinangwa kapena za malalanje. Masamba a bulugamu, singano za paini ndi utuchi siziyenera kulowa m'thanki ya pakhomo, chifukwa zimapereka gasi wochepa, zimabweretsa mafuta ndi utomoni wofooketsa tizilombo, komanso zimayandama n'kupanga chikhungu chimene chimatsekereza gasi.